Mbale Yomwe Tinkawabisira a Ndibweza

Alamu anga anali munthu woti akakupatsa mphatso usafulumire kuthokoza, chifukwa mphatsoyo adzaitenganso. Sankaba ayi. Ankagogoda bwinobwino, kupereka moni, kufunsa za ana, kenako maso awo n'kuyamba kuyendayenda m'nyumba mwako mpaka ataipeza mbale yamtengo imene anakupatsa okha chaka chatha. Akaipeza ankakhuthula chilichonse chinali m'menemo, n'kuyendetsa chala chachikulu m'mphepete mwake atatsinzina ngati munthu wodwala dzino.

"Yapindika iyi," ankatero. "Ndibweza."

N'chifukwa chake msewu wathu wonse unkawatchula kuti a Ndibweza. Ndipo kubweza ankabwezadi. Vuto linali lakuti mbaleyo inkabwera itachepa.

Ine ndine mng'ono wa akazi awo, ndipo nyumba yanga ndi yachitatu kuchokera kwawo, choncho ndinazunzika nawo kuposa wina aliyense kupatula achemwali angawo. Ndikamakamba za iwo anthu amaseka, inenso ndimaseka nawo, koma dziwani kuti ndinatopa. Pa mbale zonse zimene anasema, imodzi yokha ndiyo sinachepe, ndipo kuti isachepe ndinakhala ndikuibisa m'nyumba mwanga zaka makumi awiri ndi zitatu. Kutopa kwanga kwagona pamenepo.

Ntchito yawo yeniyeni inali yowerenga mamita a madzi. Ntchito imeneyo ndiyo inawaononga, chifukwa inawazoloweza kulowa pageti la munthu aliyense popanda manyazi, agalu n'kumawagwedezera michira. Zosema mbalezi zinali za Loweruka, koma atapuma pa ntchito tsiku lililonse linasanduka Loweruka. Sanagulitsepo ngakhale imodzi. Wina akati agule ankachita kukwiya.

"Mukagula ndiye kuti ndi yanu," ankatero. "Nanga ine ndidzaitenga bwanji?"

Kuseri kwa nyumba yawo kunali kashedi ka malata, ndipo m'menemo munali makina amene anapanga okha ndi mota yakale, lamba wa galimoto ndi zitsulo zotola. Ankamangirira chipika pa makinawo, chipikacho n'kumazungulira mwaliwiro, iwo n'kumachipala ndi tchizulo mpaka chitasanduka mbale. Chifukwa cha phokoso, makinawo tinkangowatchula kuti chigayo. Utuchi unkalowa paliponse: m'tsitsi, m'matumba, mu shuga, m'tiyi wa alendo. Koma mbalezo zinali zokongola, ndisaname. Ankakanikiza waya pa mbale ikuzungulira, wayayo n'kutentha mpaka kusiya mzere wakuda wowongoka bwino. Ndi msomali wootcha pamoto ankadinda timadontho, timasamba, ndi tinsomba totsatana mozungulira mlomo wonse wa mbale.

Tsono mtengo uli ndi khalidwe lake. Ukausema uli wauwisi umauma pang'onopang'ono, ndipo pouma umakokana. Mbale imene inali yozungulira bwino imayamba kuoneka ngati dzira, n'kumagwedera patebulo. Munthu wina aliyense akanati basi, ndi mmene mtengo ulili. Osati alamu anga.

"Mtengo sufa, alamu," anandiuza tsiku lina, akukhuthulira malalanje anga patebulo. "Umangosiya kumera. Kuyenda ndiye umayendabe."

"Ndiye usiyeni uziyenda."

"Uziyenda upite kuti?"

Ankaitenga mbaleyo, kuibwezera pa chigayo, n'kuipala mpaka itazunguliranso. Ndipo ulendo uliwonse ankaotcha mzere umodzi wakuda kunsi kwake, kuti adziwe kuti yabwera kangati.

Yanga anandipatsa nditabereka mwana woyamba. Inali mbale yaikulu, yolowa, moti khandalo ndinkalisambitsira momwemo. Itapita koyamba inabwera ya zipatso. Kenako inakhala ya mtedza, kenako ya shuga. Lero ili ndi mizere khumi ndi umodzi ndipo ndimasungiramo mabatani. Mwana wangayo, amene tsopano ndi bambo wa ndevu zake, sakhulupirira.

"Amayi, munkandisambitsira umu? Ndinabadwa ngati chiwala?"

A Ometa, amene ali ndi kachipinda kometera pakona, anayesa kulimbana nawo. Mbale yawo ya madzi itachepa kachitatu, anaikhomerera pa shelefu ndi misomali iwiri. A Ndibweza anabwera kudzameta, anakhala phee pampando, maso ali pagalasi koma akuyang'ana mbaleyo. M'mawa mwake anabwera ndi hamala n'kuzula shelefu yonse, zipeso ndi malumo zili pomwepo. Patatha masiku anayi anabweza. Mbale inali itachepa, mabowo a misomali atatsekedwa bwinobwino, ndipo shelefuyo nayonso anali ataipala, chifukwa akuti inali yokhota.

Amene anapindula ndi a Telala okha, ngakhale iwowo sanathokoze. A dokotala anawauza kuti thupi lachuluka, azidya mbale imodzi basi. A Telala, pofuna kuchenjera, anapita kwa alamu anga kukapempha mbale yaikulu kuposa zonse, ndipo anawapatsadi chimbale choti mbuzi n'kugonamo. Chimene sankadziwa n'chakuti akazi awo ankati akakumana ndi a Ndibweza pamsewu amangonena chapansipansi kuti, "Ija yayambanso kugwedera." Chaka chisanathe a Telala anali akuchepetsa mathalauza awo omwe, a dokotala akuwayamikira kuti ndi munthu wodziletsa.

Tsono ndinene za mbale imene ndinkabisa ija.

Inali yoyamba kusema, makina atangowapanga kumene, asanadziwe kugwira tchizulo. Kunena mosabisa, inali yonyansa. Mbali imodzi inali yokhuthala ngati njerwa, ina yopyapyala. Inali yolemera, yokhota thako, ndipo pambali pake anaotchapo duwa limene linkaoneka ngati kangaude wopondedwa. Koma anaisema chaka chimene achemwali anga anadwala matenda ofoola ziwalo, atagona miyezi itatu, manja akukanika kugwira ngakhale supuni. Mbale zonse za m'nyumba zinkawapulumuka. Iyi yokha ndiyo ankatha kuigwira, chifukwa dzanja linkadzaza bwino pokhuthala paja. Anaphunziriranso kudya okha m'mbale imeneyo, alamu anga atakhala pambali akuwapukuta pachibwano.

Achemwali atachira, alamu anga anali atadziwa ntchito, ndipo anayamba kuiyang'ana mbale ija mwa diso lina. Ankati ndi manyazi awo. Ankati mlendo akaiona adzaganiza kuti m'nyumbamo mumakhala munthu wosema ndi mano. M'mawa wina achemwali anga anafika kwathu atakulunga kanthu m'thaulo.

"Iwe, bisa ichi," anatero. "Akaipeza achotsa pomwe ndimagwirapa."

"Ndibise mpaka liti?"

"Mpaka aiwale."

Ndinavomera chifukwa ndinkaganiza kuti mwezi umodzi ukwana. Sindinkawadziwa alamu anga. Achemwali anawauza kuti mbale inasowa, iwo anangoti, "Oo, inasowa," ndipo tsiku lomwelo anabwera kudzawerenga mita yanga, ngakhale anali ataiwerenga dzana.

Mita imeneyo inawerengedwa kuposa mita ina iliyonse padziko. Ngakhale atapuma pa ntchito ankabwerabe.

"Mukutha madzi ambiri, alamu. Pali podontha penapake."

Ankayamba pansi pa sinki, kenako m'bafa, kenako ndimangomva chitseko cha kabati ya zovala chikulira.

"Alamu, m'kabati mumadutsa paipi?"

"Masiku ano amamanga mwachisawawa, simungadziwe."

Mbale ija inayenda. Inagonapo m'chikwama chapaulendo, m'thumba la pilo, m'dengu la zovala zakuda. Inakhalapo miyezi iwiri m'dirowa ya kuntchito kwanga, pansi pa mafayilo. Ndinaibisapo mu uvuni n'kuiwala, ndipo ndinakumbukira nditayatsa kale, n'kuitulutsa ndi manja anga osavala kanthu. Tsiku lina ndinali nditaitulutsa kuti ndiipake mafuta isang'aluke, ndinangomva "Odi!" ali kale pakhomo. Ndinaiika pampando chozondoka n'kuikhalira, diresi n'kuiphimba. Alamu anga anakhala moyang'anizana nane n'kudzithirira okha tiyi. Anamwa makapu atatu. Anandifotokozera za mtengo uliwonse umene anaudulapo. Ine thukuta lili kamukamu, mwendo utachita dzanzi.

"Simudzuka lero, alamu?"

"Msana."

"Pepani. Mpando umenewo ukuonekanso wautali mbali imodzi."

M'mawa mwake anandibweretsera ndodo yosema bwino, ya timasamba, yoti ndiziyendera. Nayonso anadzaitenga kawiri, ndipo pano ndimatakasira zovala m'beseni.

Ndinkadandaula kwa achemwali anga. Ndinkati ndili ndi ana, ndili ndi ntchito, sindingathe moyo wanga wonse ndikuthawitsa mbale. Iwo ankangobwera masana ena, amuna awo ali ku chigayo, n'kunena kuti, "Tabweretsa ndiione." Ankaigwira pokhuthala paja kanthawi, n'kundibwezera. Ndikaona zimenezo madandaulo ankandithera, ndipo ndinkayambanso kufuna pobisa patsopano.

Zaka zinapita choncho mpaka manja a alamu anga anayamba kunjenjemera. Tinayamba kuonera pa mizere, imene inayamba kutuluka yokhotakhota. Kenako tsiku lina tchizulo inawaphonyeka, mbale n'kuthawa pa makina, n'kukaboola lata ladenga. A dokotala anawaletsa. Chigayo chinakhala chete, ndipo kwa sabata yoyamba, ndivomere, ndinagona tulo tabwino masana a Loweruka.

Anayambanso kuonda. Mbale za m'nyumba mwawo anali atazipala zaka zonsezi mpaka zinali zopyapyala ngati chigoba cha dzira, zopepuka moti mphepo ikanatha kuziulutsa. Zitatu mwa mbale zawo zokondedwazo anazigwetsa n'kusweka mwezi umodzi. Achemwali anagula mbale zachitsulo, koma iwo anakana.

"Ine kudyera m'chitini? Ndine mphaka?"

Ankangolawa pang'ono n'kunena kuti akhuta. Zonsezi ndinkaziona ndi maso angawa, koma mutu wanga unali utazolowera ntchito imodzi yokha, yobisa.

Tsiku lina masana anabwera kwathu akuyenda pang'onopang'ono. Sanafunse za mita. Sanayang'ane pansi pa sinki. Anakhala pampando n'kupanira manja awo pakati pa mawondo kuti ndisaone kunjenjemerako.

"Alamu," anatero, "ili pamwamba pa kabati, m'katoni ya ayironi. Yakhala pamenepo kuyambira chaka chatha. Musanaiike pamenepo inali m'chikwama chofiira."

"Sindikudziwa zimene mukunena."

"Tsiku lija munaikhalira ndinamva chisoni, koma tiyi anali wokoma. Ndibwerekeni. Ndibweza."

Mawu amenewo ndinali nditawamva kakhumi ndi kamodzi, ndipo umboni wake unali pawindo, muli mabatani. Ndinawayang'ana manja aja n'kuganiza za lata lobooka lija. Ndinawauza kuti mbale inasowa kalekale, aliyense akudziwa. Anangogwedeza mutu, anadzuka movutika, n'kumapita. Pageti anaima n'kuyang'ana mita yanga, koma sanaitsegule.

Ndinakana milungu itatu. Ndimachita nazo manyazi mpaka lero. Kenako achemwali anga anabwera okha, nkhope itagwa.

"Bweretsa mbale ija."

"Achemwali, aiononga! Ndi manja amenewo saipala n'komwe, aiswa pakati."

"Ndikudziwa."

"Ndiye zaka zonsezi ndavutikiranji? Ndinapsa nayo manja ine!"

"Iwe, munthu akutha uyu. Sakudya, sakugona, akungokamba za mbaleyo. Ngati akufuna kuipala, aipale. Ndi yanga, bweretsa."

Ndinainyamula ndekha m'thaulo, ndikutukwana chamumtima njira yonse. Alamu anga anailandira ndi manja awiri, osanena zikomo. Anayendetsa chala m'mphepete, anatsinzina, n'kunena kuti, "Ha, koma ndiye yapindikatu." Kenako analowa nayo m'kashedi muja n'kutseka chitseko. Posakhalitsa chigayo chinalira, koyamba m'miyezi isanu.

Achemwali anga anaima pa sinki akutsuka kapu imodzi yomweyo, kuitsukuluza, n'kuyambanso kuitsuka. Ine sindikanatha kupirira. Ndinazungulira kuseri, ndinapeza bowo la msomali pa lata, n'kusuzumira.

Makina ankazungulira opanda kanthu. Alamu anga anali atakhala pa kampando, mbale ili pamiyendo. Anaigwira pokhuthala paja ndi dzanja limodzi, anaikweza pang'onopang'ono mpaka pakamwa, n'kuitsitsa. Anaikwezanso, n'kuitsitsanso. Chifukwa cha kulemera kwake dzanja silinkanjenjemera kwambiri, ndipo zala zinali ndi pogwira. Ankayeserera kudya, ndipo chigayocho anachiyatsa kuti ife tisadziwe. Ndinachoka pabowopo n'kukhala pansi pa utuchi. Milungu itatu munthu akugona ndi njala, ine ndikulondera katoni ya ayironi.

Patapita kanthawi chigayo chinazima, iwo n'kutuluka nkhope ili yokwiya.

"Yakana," anatero. "Thako lake ndi lokhota, sikugwira pa makina. Ndiiona mawa. Pakali pano, mayi, thiranimo supu, tisamaononge mbale zabwinozi."

Achemwali anga anaitembenuza mbale ija n'kuyang'ana kunsi. Kunalibe mzere. Anathiramo supu, ndipo alamu anga anamwa yense osataya ngakhale dontho, n'kupemphanso wina. Achemwali anali atatembenukira kuwindo, mapewa akugwedezeka.

"Duwa lokhali ndiye ndinalakwitsa," anatero alamu anga, akupukuta pakamwa.

"Ndi kangaude ameneyo," ndinatero ine.

"Ndi duwa, alamu. Inu za luso simuzidziwa."

Mawa limenelo linatha miyezi isanu ndi itatu. Tsiku lililonse akamaliza kudya ankayendetsa chala m'mphepete mwa mbale ija n'kunena kuti, "Mawa ndiikonza iyi," ndipo achemwali ankayankha kuti, "Mawa, bambo." Anamwalira m'mawa wina wa Lachiwiri atangomwa supu wawo, mbale ili pamiyendo.

Pamaliro a Ometa ndi a Telala anakangana za amene mbale yake ili ndi mizere yambiri, mpaka anatumiza munthu kukazitenga kuti awerenge. Anapambana ndi a Telala, ndipo atapambana analira ngati mwana.

Tsopano papita chaka. Msewu wathu uli zii. Loweruka munthu ukhoza kugona masana onse, koma ine tulo sitibwera, ndimangomvetsera. Shuga alibenso utuchi. A Telala ayambanso kukulitsa mathalauza. Mbale za m'nyumba zonse zikupindika mwakufuna kwake, zikugwedera pamatebulo, ndipo palibe wogogoda. Kambale kanga ka mabatani nakonso kayamba kuoneka ngati dzira. Tsiku lina ndinadzipeza nditakhuthula mabataniwo n'kukaika patebulo la pafupi ndi khomo, pamene munthu wolowa angakaone msanga.

Mbale yoyamba ija inatsala kwa achemwali anga, pakati pa tebulo, poyera, kangaude wake akuyang'ana aliyense wolowa. Ndinkati tsopano ndapuma. Koma mwezi watha, m'mawa, ndinamva kugogoda. Anali achemwali anga, atakulunga kanthu m'thaulo.

"Iwe, bisa ichi."

"Achemwali, tikubisiranso ndani?"

"Ingobisa," anatero. "Ikakhala poyera choncho, tsiku lonse osaikhudza munthu, ndimadziwa kuti sabweranso."

Ndinailandira. Msana wanga masiku ano ukuwawadi zenizeni, ndipo kukwera pampando ndi ntchito, koma ndinakwera. M'katoni ya ayironi sindinaikemo, chifukwa pamenepo ankapadziwa. Ndinafuna pena.